Amisiri a Makina ndi Ntchito ya Yunivesite: Phunziro la pa Kameza

Pa Kameza, pamene msewu wa ku bwalo la ndege la Chileka usiyana ndi msewu waukulu wopita ku Lunzu, Lirangwe ndi Zalewa, pali nyumba za sukulu imene anamwino ndi azamba amaphunzirako. Kale sukuluyi inali nthambi ya Kamuzu College of Nursing, koma kuyambira pa 4 May, 2021, iri mbali imodzi ya Kamuzu University of Health Sciences, imene inabadwa pamene Boma linaphatikiza sukulu ya anamwinoyo ndi College of Medicine. Anthu odutsa pamenepo amaona makoma ndi madenga, ndiponso ophunzira akulowa ndi kutuluka pa chipata. Koma chimene chimachirikiza ntchito ya aphunzitsi a sukulu yotere masiku ano sachiona, pakuti ndicho nthambo zoyenda pansi ndi pa mitengo ya magetsi, makina otsekeredwa m'kachipinda kozizira, ndi kagulu ka amisiri amene maina awo satchulidwa pa tsiku lopereka madigiri.

Nkhani ya amisiri amenewa, amene pa yunivesite amadziwika ndi dzina lakuti a dipatimenti ya ICT, ingaoneke ngati yokhudza anthu ophunzira kwambiri okha. Sizitero ayi. Mayi wa kwa Kuntaja wopita kukachira pa chipatala cha Chileka, kapena mwana wodwala malungo amene makolo athamangira naye pa chipatala cha Lirangwe, amalandiridwa ndi namwino amene anaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wina; ndipo nzeru za mphunzitsiyo zimakhala zatsopano kapena zoguga molingana ndi zimene iye atha kuwerenga, kufufuza ndi kukambirana ndi anzake a maiko ena. Lero njira ya zonsezi ndi intaneti. Chotero funso lakuti kodi yunivesite iri ndi makina abwino ndi anthu owasamala, limafika mpaka pa bedi la wodwala wa kumudzi.

Ntchito yake ndi yotani

Ambiri amaganiza kuti mmisiri wa makompyuta ndi munthu woitanidwa pamene makina akana kuyaka. Imeneyo ndi mbali yaing'ono chabe ya udindo wake. Pa yunivesite ya makono, mphunzitsi akalowa mu ofesi m'mawa amayamba ndi kutsegula makalata a pa intaneti. Maina a ophunzira ake, zotsatira za mayeso awo ndi ndondomeko ya maphunziro a chaka chonse zimasungidwa m'makina. Zolemba zimene kale ankazipereka pa mapepala, tsopano amaziika pa Moodle kapena pa Google Classroom kuti wophunzira aliyense azitenge pa foni kapena pa kompyuta yake. Akafuna kudziwa zimene madokotala a ku London, Nairobi kapena Johannesburg apeza pa matenda ena, sadikiranso buku lobwera pa sitima ya pamadzi patapita miyezi. Amalowa m'nkhokwe za magazini a sayansi, monga Hinari imene World Health Organization inakhazikitsa m'chaka cha 2002 kuti maiko osauka aziwerenga ulele kapena pa mtengo wotsika.

Chirichonse mwa izi chiri ndi munthu wochiyang'anira. Pali wosamala nthambo ndi tizida tofalitsa netiweki m'makalasi ndi m'nyumba zogona ophunzira. Pali woyang'anira maseva, ndiwo makompyuta akuluakulu osunga zolembedwa za sukulu yonse, amene sayenera kuzima usana ndi usiku. Pali wopereka maina olowera ndi mawu achinsinsi, ndipo ndiyenso amatseka khomo kwa anthu achipongwe ofuna kuba kapena kusintha zotsatira za mayeso. Palinso wophunzitsa aphunzitsi eni ake, pakuti munthu angathe kukhala katswiri wa uzamba kwa zaka makumi awiri koma osadziwa kukonza mayeso a pa kompyuta, kapena kujambula phunziro kuti ophunzira akalionere kwawo. Mwa ntchito zonsezi, yomalizayi ndiyo imanyozedwa kawirikawiri, chonsecho ndiyo imachititsa kuti makina ogulidwa ndi ndalama zambiri asakhale chokongoletsa ofesi chabe.

Kumene ulendowu wachokera

Pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 July, 1958, dziko lino linalibe yunivesite ndi imodzi yomwe. Mwana wanzeru wofuna maphunziro apamwamba ankayenera kupita ku Makerere, ku Fort Hare kapena kutsidya kwa nyanja. University of Malawi inakhazikitsidwa mwa lamulo m'chaka cha 1964, ndipo maphunziro anayamba pa Chichiri mu September 1965 ndi ophunzira okwana 90. Chuma cha mphunzitsi pa nthawiyo chinali choko, bolodi ndi nyumba ya mabuku. Kalata yopita kwa katswiri mnzake wa ku Ulaya inkatha masabata pa njira, ndipo yankho lake linkatha masabata enanso.

Kusintha kunayambira pa yunivesite pomwepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa Chancellor College mu Zomba, Dr. Paulos Nyirenda wa dipatimenti ya Physics anatsogolera ntchito yotumiza makalata pa kompyuta mwa njira ya Fidonet, imene inkadutsa pa nthambo za telefoni wamba. Makalata ankasonkhanitsidwa m'makina amodzi, ndipo ankatumizidwa onse pamodzi nthawi ikakwana. Intaneti yeniyeni yogulitsidwa kwa anthu inafika m'chaka cha 1997 ndi kampani ya MalawiNet, koma inali yodula ndi yochedwa, kotero kuti mphunzitsi ankatha kudikira nthawi yaitali kuti tsamba limodzi litseguke.

Amene anaona msanga kuti sukulu iriyonse payokha singathe kulipira mtengo wotere anali oyang'anira nyumba za mabuku. M'chaka cha 2003 iwo anakhazikitsa Malawi Library and Information Consortium, imene imadziwika kuti MALICO, kuti azigula pamodzi magazini a pa intaneti. Ndipo m'chaka cha 2005 bungweli linaimika mbale za setilaiti pa Chancellor College, pa College of Medicine, pa Bunda ndi pa Mzuzu University. M'chaka chomwecho mabungwe osamala netiweki za mayunivesite a ku Malawi, Kenya, Mozambique, Rwanda ndi South Africa anagwirizana kupanga UbuntuNet Alliance, ndipo ofesi yake yaikulu inaikidwa mu Lilongwe. Mmodzi mwa oyambitsa ake anali Mayi Margaret Ngwira, amene anagwirapo ntchito yoyang'anira mabuku pa Bunda ndi pa Kamuzu College of Nursing. Mbali ya Malawi m'chigwirizanocho ndi Malawi Research and Education Network, kapena kuti MAREN. Nzeru yake ndi ija ya makolo yakuti mutu umodzi susenza denga: masukulu akagula intaneti pamodzi mtengo umatsika, ndipo amalumikizana okhaokha popanda kuzungulira maiko akutali.

Setilaiti inathandiza, koma inali yodula. Mpumulo unabwera pamene nthambo za fibre za pansi pa nyanja zinafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa: SEACOM m'chaka cha 2009 ndi EASSy m'chaka cha 2010, zonse ziwiri zokocheza pa Dar es Salaam ndi pa Maputo. Popeza Malawi alibe gombe, panafunika nthambo za pamtunda zokakumana nazo. Boma linamaliza gawo loyamba la nthambo yaikulu yolumikiza maboma a dziko lino m'chaka cha 2018, yoyenda pa mitengo ya ESCOM ndi yomangidwa ndi kampani ya Huawei. Mu 2017 World Bank inavomera ndalama zokwana madola 72.4 miliyoni za ntchito ya Digital Malawi, ndipo mbali ina ya ndalamazo inapita kolumikiza masukulu a ukachenjede kudzera mu MAREN. Mwa zipatso zake ndi eduroam, njira imene imalola mphunzitsi wa pa Kameza kulowa pa intaneti ya yunivesite ina iriyonse ya m'chigwirizanocho, ya kuno kapena ya kunja, ndi dzina lomwelo ndi mawu achinsinsi omwewo amene amagwiritsa ntchito kwawo.

Mayeso a chaka cha 2020

Mphamvu ya denga imadziwika mvula ikagwa. Pa 23 March, 2020, masukulu onse a dziko lino anatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo sanayambe kutsegulidwanso kufikira mu September. Nyumba za pa Kameza, zimene zinamangidwira maphunziro, zinasandutsidwa malo osungirako anthu opezeka ndi matendawo. Ophunzira anabalalika kumka kwawo, ena m'matauni, ambiri m'midzi. Tsono udindo wonse wopitiriza maphunziro unagwera amisiri a makina, amene pa masabata owerengeka anayenera kuchita zimene mayunivesite a maiko olemera anazikonzekera kwa zaka.

Zimene zinaoneka pa nthawiyo ndi zoyenera kukumbukiridwa. Choyamba, intaneti yabwino ya pa sukulu siithandiza wophunzira amene ali kutali ndi sukuluyo. Mwana wa mlimi wa ku Mdeka kapena kwa Kunthembwe anayenera kugula bandulo ndi ndalama za makolo ake, kukwera pa chulu kuti apeze netiweki, ndi kulipira pa golosale kuti atchaje foni. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti nyumba zounikira ndi magetsi zinali pafupifupi 11 zokha pa 100 zirizonse m'dziko muno, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika koposa. Chachiwiri, aphunzitsi ambiri anali asanaphunzitsepo pa intaneti, ndipo ena anangotembenukira ku WhatsApp chifukwa ndiyo inali yotchipa ndi yodziwika kwa onse. Chachitatu, pali maphunziro amene sangaperekedwe pa foni. Namwino saphunzira kubaya jakisoni pa kanema, ndipo mzamba ayenera kugwira mayi woyembekezera ndi manja ake, woyang'anira ali pambali.

Chotero phunziro la chaka chimenecho silinali lakuti makina alowe m'malo mwa kalasi. Linali lakuti yunivesite imene yakonzekeratu imatha kusuntha maphunziro owerenga kupita pa intaneti tsoka likagwa, ndi kusunga nthawi ya kalasi ndi ya ku wodi kuti ikhale ya ntchito za manja. Masoka otere sanathere pa Covid-19. Mu January 2023 masukulu a pulayimale ndi sekondale a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu March chaka chomwecho namondwe wa Freddy anaimitsanso maphunziro m'maboma a kum'mwera. Kukonzekera kuphunzitsa patali si chinthu cha nyengo imodzi ayi.

Kafukufuku ndi anthu a kumudzi

Ntchito yachiwiri ya mphunzitsi wa pa yunivesite ndi kafukufuku, ndipo pa mbali imeneyi boma la Blantyre liri ndi mbiri yolemekezeka pa dziko lonse lapansi. Muyeso umene madokotala a maiko ambiri amagwiritsa ntchito poona kuya kwa chikomokere cha mwana wodwala malungo a mu ubongo umatchedwa Blantyre Coma Scale, pakuti unakonzedwa pa Queen Elizabeth Central Hospital ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'chaka cha 2018 ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa typhoid. Zotsatira zake, zimene zinatuluka m'chaka cha 2021, zinasonyeza kuti katemerayo anateteza ana oposa 80 pa 100 alionse, ndipo mu May 2023 Boma linayamba kumupereka m'dziko lonse.

Anthu amayamika madokotala ndi anamwino pa ntchito yotere, ndipo nkoyenera kutero. Koma munthu aganize za kulemba ana zikwi makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, aliyense ndi dzina lake, tsiku lake lobadwa, katemera amene analandira, ndi ulendo uliwonse umene anapita ku chipatala kwa zaka zingapo, popanda kusokoneza mwana wina ndi mnzake. Zimenezi zimatheka pokhapokha pali makina odalirika ndi anthu odziwa kusunga, kufananitsa ndi kuteteza zolembedwazo. Kulakwa pang'ono pa kaundula kungagwetse ntchito ya zaka zisanu, ndipo palibe dziko limene lingavomere katemera poyang'ana kaundula wokayikitsa.

Apa ndi pamene dera la Chileka ndi Lirangwe lifunika kuliganizira. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu oposa 450,000 m'madera a kumudzi a boma la Blantyre, kunja kwa mzinda. Matenda awo ndi zosowa zawo sizifanana m'zonse ndi za anthu a m'tauni: mtunda wopita ku chipatala ndi wautali, madzi ambiri ndi a pa mjigo ndi a mumtsinje, ndipo malungo ndi ochuluka m'zigwa zoyandikira Shire. Kafukufuku amakonda kupita kumene kuli magetsi ndi netiweki, pakuti kumeneko ndiko wofufuza atha kutumiza zolemba zake tsiku lomwelo. Ngati chipatala chaching'ono chiribe zimenezi, anthu ake amawerengedwa mochedwa ndipo mavuto awo amadziwika mochedwa. Mphunzitsi wa pa Kameza angakhale ndi intaneti yothamanga mu ofesi yake, koma wophunzira wake akatumizidwa kukaphunzira ntchito pa chipatala cha kumudzi, chingwe chimene chinkawalumikiza chimaduka pa nthawi imene chikufunika koposa. Ndi mmenenso ziriri kwa aphunzitsi a pulayimale ophunzitsidwa pa sukulu ya DAPP ku Chilangoma, m'boma lomweli, amene akamaliza amapita ku masukulu akutali ndi tauni.

Zopinga zinayi

Chopinga choyamba ndi magetsi. Ndi chinthu chodabwitsa kuti mphamvu yambiri ya dziko lino imapangidwa pafupi ndi dera limeneli: Nkula, imene inayamba ntchito m'chaka cha 1966, ndi Tedzani, zonse ziri pa Shire kumadzulo kwa Lirangwe ndi Chileka, ndipo nthambo zake zimadutsa pamwamba pa midzi imene usiku imaunikira ndi tochi. Kudalira mtsinje umodzi kuli ndi zoopsa zake. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunapitirira kufikira makinawo atakonzedwa m'chaka cha 2023. Seva si nyali yoti ikazima munthu nkungoyatsanso. Ikazima mwadzidzidzi ingathe kuononga zosungidwa, ndipo ikatentha chifukwa choziziritsa chaima imafa msanga. Jenereta imathandiza, koma imadya dizilo, ndipo dizilo akasowa pa malo omwetsera mafuta nayonso imakhala chete. Malo opangira magetsi a dzuwa amene anatsegulidwa ku Salima mu 2021 ndi ku Golomoti mu 2022 asonyeza kuti njira ina iripo, ndipo sukulu iriyonse ya ukachenjede iyenera kukhala ndi sola ndi mabatire okwanira kusunga chipinda chake cha maseva.

Chopinga chachiwiri ndi ndalama za kunja. Kompyuta, nthambo, mabatire, ziphaso za mapulogalamu ndi magazini a sayansi, zonsezi zimagulidwa ndi madola. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndi 44 pa 100 mu November 2023. Pa nthawi yotere bajeti imene inalembedwa kuti igule makina khumi imangogula owerengeka, ndipo woyang'anira chuma cha sukulu, pokakamizidwa kusankha pakati pa malipiro a antchito ndi chiphaso cha pulogalamu, amasiya chiphasocho. Vuto lina ndi lakuti abwenzi a kunja amakonda kupereka makina atsopano, koma sapereka ndalama zowasamalira. Ntchito yawo ikatha pakapita zaka zitatu kapena zisanu, makina amakalamba opanda wowalowa m'malo. Walira mvula walira matope: wolandira mphatso ya makompyuta walandiranso ngongole ya magetsi, ya intaneti ndi ya mmisiri.

Chopinga chachitatu ndi anthu. Malawi University of Business and Applied Sciences, University of Malawi, Mzuzu University ndi Malawi University of Science and Technology zimatulutsa achinyamata odziwa za makompyuta chaka ndi chaka. Koma mmisiri waluso amafunidwanso ndi mabanki, makampani a foni ndi mabungwe a kunja, amene amalipira koposa sukulu ya Boma. Ndipo lero munthu atha kugwirira ntchito kampani ya ku Ulaya ali pa khonde la nyumba yake ku Chirimba. Mmisiri akachoka amapita ndi nzeru za mmene netiweki ya sukuluyo inalukidwira, makamaka ngati sizinalembedwe. Mphunzitsi ali ndi makwerero odziwika okwerera kufikira pa upulofesa, ndipo mmisiri nayenso afunika njira yooneka yokwerera pa ntchito yake, kuti asaone yunivesite ngati pongopumira pa ulendo.

Chopinga chachinayi ndi chitetezo. Pa 18 December, 2015, moto unanyeketsa nyumba ya mabuku ya Mzuzu University, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anapsa, pamodzi ndi zolembedwa za mbiri ya dziko lino zimene zinalibe zinzake kwina. Chimene moto unachita usiku umodzi, mbava ya pa intaneti ingachite pa ola limodzi. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo Nyumba ya Malamulo inauzidwa kuti anthu achipongwe analowerera makinawo nafuna dipo. Mu May chaka chomwecho nthambo za SEACOM ndi EASSy zinaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta m'maiko angapo a kuno, Malawi ali momwemo. Sukulu ya zaumoyo imasunga zinsinsi zolemera kuposa zotsatira za mayeso, pakuti wolowa m'kafukufuku amaulula za magazi ake ndi za banja lake pokhulupirira kuti sizidzamveka pa msika. Komiti ya COMREC, imene imaunika kafukufuku asanayambe, imafuna lonjezo lakuti zinsinsizo zidzasungidwa; lamulo la Data Protection Act la 2024 laika udindo womwewo pa aliyense wosunga mbiri za anthu, ndipo MACRA ndiyo inapatsidwa mphamvu yoyang'anira. Koma amene amakwaniritsa lonjezolo tsiku ndi tsiku ndi mmisiri wosunga makiyi a seva.

Chimene chiyenera kuchitika

Boma lachita mbali yaikulu poyala nthambo, popanga malamulo ndi pothandiza MAREN kulumikiza masukulu. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, amaika luso la anthu ndi sayansi pakati pa zinthu zotukulira dziko. Chotsala ndi chakuti zimene zamangidwa zisamalidwe, ndi kuti zifike kumene sizinafike.

Poyamba, ndalama za intaneti ndi zosamalira makina ziyenera kukhala ndi mzere wakewake m'bajeti ya yunivesite iriyonse, monga ziriri ndalama za madzi ndi magetsi, osati kudikira zotsala kapena chifundo cha abwenzi. Kafukufuku aliyense wobwera ndi ndalama za kunja aperekeko gawo lodziwika ku thumba limeneli, pakuti amagwiritsa ntchito netiweki imene anaipeza itamangidwa kale. Kachiwiri, masukulu apitirize kugula pamodzi ndi kusungirana zolembedwa, kuti chimene chasungidwa mu Blantyre chikhalenso ndi chinzake ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Ndipo njira zotulukira kunja zikhale zingapo, za ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia, kuti imodzi ikaduka ina igwire ntchito. Kachitatu, mphunzitsi aliyense watsopano aphunzitsidwe kaphunzitsidwe ka pa intaneti asanapatsidwe kalasi, ndipo achikulire asachite manyazi kufunsa achinyamata, pakuti safunsa anadya phula.

Kachinayi, ndipo ichi ndicho chokhudza kwambiri anthu a Chileka ndi Lirangwe, zipatala zazing'ono zimene ophunzira amaphunzirirako ntchito ziwerengedwe ngati makalasi a yunivesite. Chipatala chotere chikapatsidwa sola ndi intaneti yodalirika, wophunzira atha kufunsa mphunzitsi wake za wodwala wovuta, namwino wakale atha kuonjezera maphunziro ake osasiya odwala, ndipo malipoti a matenda amafika ku ofesi ya zaumoyo ya boma tsiku lomwelo. Kumene nthambo ichedwa kufika, njira ya setilaiti yatsopano monga Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno m'chaka cha 2023, ingathe kutseka mpata. Mafumu, makhansala ndi makomiti a zipatala ali ndi mbali yawo, ndiyo kuteteza nthambo, mabatire ndi mapanelo a sola kwa akuba, pakuti katundu wotere akabedwa ovutika ndi eni mudzi.

Kuchokera pa Kameza kufika pa Lirangwe ndi ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi. Nthambo imene inachokera pansi pa nyanja ya Indian, nidutsa maiko a eni mpaka kufika pa desiki la mphunzitsi mu Blantyre, yayenda kale mtunda wautali koposa. Gawo lotsalali ndi lalifupi, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zimene zalipiridwa kale. Aphungu a madera amenewa, akuluakulu a yunivesite ndi a Unduna wa Zaumoyo akadzakhala pansi kukonza bajeti ikudzayi, ndi bwino kuti amisiri a makina adzaitanidwe pa msonkhanowo, kuti adzanene okha chimene chikufunika ndi mtengo wake.